Fulashi ya Kachingwe Kofiira

Mzime anafika kunyumba kwa achimwene ake Loweruka m'mawa, chikwama cha laputopu chili paphewa. Pakhomo anakumana ndi alamu ake atanyamula beseni la zofunda zonyowa, maso ali psuu.

"Bola mwabwera, alamu," anatero mayiwo mosapereka ndi moni womwe. "Amayi anu akana tiyi, akana mankhwala. Chiyambire dzana akungoti ndikufuna kuwapha."

"Nanga achimwene?"

"Ali pabalaza, akulimbana nacho chimakina chawocho."

Achimwene a Mzime, amene anthu a mumsewuwo ankangowatchula kuti Aphunzitsi, analibe mawu. Chaka chapitacho madokotala anawachotsa kholingo chifukwa cha khansa, ndipo tsopano ankapumira pakabowo ka pakhosi kamene ankakaphimba ndi kansalu koyera. Akafuna kunena kanthu ankalemba pafoni n'kukuonetsa.

Koma m'chipinda chakumapeto munkagona amayi awo, amene matenda a shuga anawalanda maso, ukalamba n'kuwasokoneza mutu. Iwo zolemba sakanaziona. Ndiponso sankalandira kapu kapena piritsi kwa wina aliyense pokhapokha atamva mawu a mwana wawo woyamba, amene mpaka pano, imvi zili mbuu, ankamuitanabe kuti Chisamba. Za opaleshoniyo sanauzidwe. Banja linagwirizana kuti mtima wawo sungathe kusenza.

Choncho Aphunzitsi asanagonekedwe m'chipatala anabwereka maikolofoni kusukulu, n'kumadzitsekera m'chipinda madzulo aliwonse akujambula mawu awo. Anajambula moni wam'mawa ndi wamasana, kunyengerera kuti amayi amwe mankhwala, kuvomera, kukana, kudabwa, kuseka, nyimbo zimene amayiwo ankazikonda, ngakhale kukalipa kumene. Atachira ankakhala pambali pa bedi laputopu ili pamiyendo, amayi akalankhula iwo n'kudina batani. Zala zinazolowera moti macheza ankayenda bwinobwino. Nthawi zina gogoyo ankadandaula kuti mwana wawo wayamba kubwereza nkhani ngati nkhalamba, basi, osapitirira apo.

Mzime anapeza achimwene akewo atakhala patebulo lodyera, chala chili pabatani loyatsira. Laputopuyo inaonetsa chizindikiro cha kampani yake, kabwalo ka timadontho kanazungulira, sikirini inasanduka yabuluu n'kulemba kuti ikudzikonza yokha. Kenako inangoti bii.

Aphunzitsi anatambasulanso chala.

"Dikirani kaye, achimwene."

Mzime anagwira ntchito yosamalira makompyuta pa ofesi ina ya inshuwalansi kwa zaka zambiri, ndipo sanafunikire kutsegula chilichonse. Anangowerama n'kuika khutu pafupi ndi kiyibodi. Mkatimo munkamveka kaphokoso, tche, tche, tche, kenako zii, kenako tche, tche.

"Mwayiyatsa kangati chiyambire?"

Aphunzitsi anatambasula manja onse awiri, kusonyeza kuti n'zosawerengeka.

"Musayiyatsenso. Ndi hadi disiki imeneyo. Muli kambale kozungulira ndi kasingano kowerenga, ndiye kasinganoko kakukanda kambaleko. Mukayatsa, kamakandanso."

Iwo analemba pafoni: *Ikonzeka?*

"Kuyaka ngati kale, iwalani. Koma zili mkatimo mwina tingatulutse. Pali pulogalamu yopulumutsira imene timaika pafulashi. Kompyuta timaiuza kuti isadzukire pa disiki yakeyo, idzukire pafulashipo. Zili ngati khomo lakana kutseguka ndiye mwalowera pawindo. Tikalowa, titola zimene tingathe."

Anapisa m'thumba lam'mbali la chikwama chake momwe ankasunga fulashi yotereyo. Munalibe. Anakhuthulira zonse patebulo, zingwe, chaja, disiki yake yakunja, timasikuludiraiva. Apo m'pamene anakumbukira kuti anabwereketsa mnzake wa kuntchito, ndipo mnzakeyo anali atapita kumaliro kutali.

"Palibe vuto," anatero. "Ndipanga ina. Pakungofunika fulashi iliyonse."

Asanamalize, kuchipinda kunamveka kugwa kwa kapu ndi kukuwa. Alamu anasuzumira pakhonde lamkati n'kukodola amuna awo.

"Adziipitsira. Ine akundimenya. Bwerani muwanyamule."

Aphunzitsi ananyamuka mwachangu. Posakhalitsa kubafa kunayamba kumveka madzi.

Mzime anayatsa laputopu yake n'kuyamba kukopera pulogalamuyo pa intaneti. Alamu ake atadutsa ndi thaulo anawafunsa ngati m'nyumbamo munali fulashi yosagwira ntchito. Iwo anakoka dirowa ya kabati, momwe munali mabatire akutha, makiyi osadziwika zitseko zake ndi rimoti ya wailesi yakanema imene inafa kale. Anavundula n'kutulutsa kafulashi kakuda komangidwa kachingwe kofiira.

"Aka kakhala mommuno kalekale. N'ka mayeso a ana asukulu."

Mzime anakalowetsa n'kutsegula. Zoonadi, mafoda oyambirira anali a mayeso, magiredi, ndondomeko za maphunziro, zinthu za munthu amene anasiya kale kuphunzitsa. Sanatsike mpaka pansi. Kuchipinda kuja amayi ake ankatukwana munthu wina amene anamwalira Mzime asanabadwe, ndipo iye ankangofuna kuti ntchito iyambe.

Fulashiyo inali yakale, ndipo poyamba inakana kulembedwa. Ndiye anasankha kufomata kwakutali kuja, kumene kumapukuta ngodya iliyonse n'kuyesa ngati ili bwino. Pulogalamu inamufunsa ngati akudziwa kuti zonse zifufutika. Anavomera. Inamufunsanso kachiwiri. Anavomeranso, uku akumwa tiyi amene amayi ake anakana.

Itatha, anaikamo pulogalamu ija, anaisomeka mulaputopu ya achimwene ake, anayatsa, n'kumadina batani lina mobwerezabwereza mpaka panatuluka pofunsa kuti makinawo adzukire pati. Anasankha fulashi. Sikirini yakuda inadzaza mizere yoyera yothamanga kukwera m'mwamba, kenako panaoneka malo opanda zokongoletsa, kabokosi kolembamo kali pakati. Mtima wake unakhala pansi pang'ono. Makinawo anali amoyo. Chodwala chinali disiki yokha.

Anafunsa makinawo kuti pali madisiki angati. Yodwalayo inaoneka, koma atayesa kuitsegula inangoti tche, tche, n'kubweza uthenga wolephera. Sanaikakamize. Analumikiza disiki yake yakunja n'kuyambitsa pulogalamu imene imakopera disiki yonse mmene ilili, kuyambira malo abwino, ikafika powonongeka n'kudumpha kuti idzabwererepo pambuyo. Manambala anayamba kuyenda.

Aphunzitsi anatulukira mikono ya shati itanyowa, akupukuta magalasi. Anavala magalasiwo, anayang'ana sikirini, n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako maso awo anatsikira m'mbali mwa laputopu pomwe kachingwe kofiira kankalendewera.

Anaima chilili. Pakamwa panatseguka, milomo inayenda, koma chimene chinamveka ndi mpweya wokha ukutuluka pansi pa kansalu kaja, fuu, fuu. Anapapasa m'thumba, foni inawapulumuka n'kugwa, anaitola n'kulemba.

*Waitenga kuti iyi?*

"M'dirowamo. Alamu andipatsa. Bwanji?"

*Zimene zinalimo zili kuti?*

"Ndafufuta. Munali mayeso akale okhaokha, achimwene."

Analemba kwa nthawi, kufufuta, kulembanso. Kenako anamutembenuzira foniyo.

*Mawu onse anali mmenemo. Ndinakopera monga unandiuzira iwe.*

Mzime anawerenga, n'kuwerenganso. Anakumbukira bwinobwino. Anali iye amene anaima pakhomo lomwelo achimwene ake atangotuluka m'chipatala, n'kuwalangiza ngati mwana kuti zinthu zofunika sazisunga malo amodzi. Maganizo ake anathamanga kufunafuna pothawira. Akanafomata mwachidule, zambiri zikanatsala pansi n'kuzifukula. Koma iye anasankha kwakutali, ndi dzanja lake, ndipo pamenepo sipatsala kanthu.

"Nanga bwanji simunanene?" Mawuwo anatuluka okha, ndipo anawamva kupusa kwake asanathe.

*Ndimati ukonze kaye makinawo. Fulashi inali yosungira.*

Alamu anali ataima pakhomo la khitchini, dzanja lili pakamwa. "Ine ndimati n'za sukulu," anatero. "Abambo, ine ndimati n'za sukulu. Simunandiuzepo."

Aphunzitsi anamenya tebulo ndi chibakera. Makapu analira. Anakweza dzanja kachiwiri, koma Mzime analumpha n'kuligwira m'malere.

"Musagwedeze tebulo! Chonde achimwene, ndimenyeni ineyo, koma tebulo ayi. Kasingano kaja."

Anayang'anana. Iye anali asanaonepo achimwene ake akulira, ngakhale tsiku limene dokotala anawauza za khansa. Panonso sanalire. Anangochotsa dzanja lawo m'manja mwake pang'onopang'ono, anakoka mpando mosamala kuti usagunde tebulo, n'kukhala moyang'ana manambala aja.

Dzuwa linakwera. Pabalaza panatentha. Alamu anaphika, anaika patebulo laling'ono, palibe anakhudza. Mzime anaika mabuku awiri pansi pa laputopu kuti mpweya uzidutsa, n'kuilozetsa fani. Kupitirira apo panalibe chochita. Manambala ankathamanga, kuima, disiki n'kuchita tche, tche, kenako kuyambanso mwaulesi.

"Chisamba!" Mawu anachokera kuchipinda. "Chisamba iwe!"

Aphunzitsi anatseka maso. Mzime ananyamuka n'kupita yekha.

M'chipindamo munkanunkha sopo ndi mafuta opaka. Amayi ake anakhala tsonga pabedi, atachepa ngati mwana, maso otuwa akuloza pawindo.

"Ndani?"

"Ndine Mzime, amayi. Mwaswera bwanji?"

"Sindinaitane iwe."

"Achimwene atanganidwa pang'ono. Imwani mankhwalawa, ndakubweretserani ndine."

"Wakupatsa ndi mkazi uja." Anakankha dzanja lake. Kenako anatsitsa mawu. "Tandiuza zoona. Amene wandisambitsa uja ndani? Manja ndi ake. Fungo ndi lake. Koma ndikumulankhula sakuyankha. Ndamulakwira chiyani mwana wanga? Kapena anamwalira, mwandibweretsera wina?"

"Ali moyo, amayi."

"Ndiye abwere anene yekha."

Mzime anabwerera pabalaza n'kupeza manambala ataima. Achimwene ake ankaloza sikirini. Mizere yofiira inali kutsika motsatizana. Mzime anafunsanso makinawo kuti pali madisiki angati. Inaoneka fulashi, inaoneka disiki yake yakunja. Yodwala ija panalibe.

Anazimitsa, anadikira kuti izizire, n'kuyatsanso kudzera pafulashi. Disiki inabwerera, pulogalamu inapitiriza pomwe inalekera, ndipo kwa kanthawi zinkaoneka ngati zitheka. Kenako kaphokoso kanasintha. Sikanalinso tche, tche, koma kukwecha kopyapyala ngati mpeni pagalasi. Mzime anazimitsa msanga. Atayesanso, mkatimo munangoti zii. Ngakhale kuzungulira sikunamveke.

"Yapita," anatero.

Zimene zinakopedwa sizinafike ndi theka lomwe. Anazitsegula palaputopu yake n'kusaka mafayilo a mawu. Mayina anatuluka ambirimbiri, ndandanda yaitali imene Aphunzitsi anaisanja mwaluso lawo la m'kalasi, ndipo iwo atawaona anamugwira phewa. Koma dzina ndi dzina chabe. Fayilo yoyamba inakana kutseguka. Yachiwiri inangosokosera ngati wailesi yosochera. Nyimbo ina inayamba bwino, mawu akuya aja akudzaza pabalaza mpaka alamu anatuluka m'khitchini akuthamanga, kenako inaduka pakati pa liwu. Ya mankhwala inati, "Amayi, ndine, tiyeni timwe ma," n'kuthera pomwepo.

Anayesa imodzi imodzi mpaka mthunzi wa mpanda unafika pawindo. Zamphumphu zinapezeka zochepa zomvetsa chisoni. Ina inkati, "Eya, amayi." Ina inkati, "Ayi, si lero." Ina inali kuseka. Ina inali yoyesera maikolofoni, Aphunzitsi akutsokomola n'kufunsa ngati ikujambula.

Iwo anamvetsera zonsezo nkhope ili gwa. Kenako ananyamula laputopu ya Mzime n'kulowera kuchipinda. Mzime ndi alamu ake anatsatira n'kuima pakhomo.

"Chisamba?" anatero amayi atamva bedi likutsika.

Chala chinadina. "Eya, amayi."

Nkhope ya gogoyo inamasuka yonse. Anapapasa mpaka anapeza bondo la mwana wawo n'kulimenya mwachikondi. "Iwe! Iwe mwana woipa iwe. Unali kuti masiku onsewa? Ukufuna ndife ndi mtima?"

Chala chinayendayenda pamwamba pa mabatani. Chinadina kuseka.

"Ukuseka? Ine ndikulira iwe ukuseka? Tandiuza, wandikwiyira?"

"Ayi, si lero."

"Si lero? Ndiye liti? Ukulankhula zotani kodi?" Anapendeketsa mutu. "Mawu ako akuchokera pamiyendo bwanji? Chisamba, ukudwala?"

Aphunzitsi anasendeza chala pabatani lina. Mzime ankaona kansalu ka pakhosi kakulowa ndi kutuluka.

"Eya, amayi."

Anatseka laputopuyo n'kuiika pansi. Anamasula kansalu kaja. Anatenga dzanja la amayi awo, n'kulikweza, n'kuika nsonga za zala m'mphepete mwa kabowo. Gogoyo anafuna kulibweza, koma iwo analigwira. Mpweya wofunda unkawomba zalazo. Zinayenda pang'onopang'ono kutsata chipsera mpaka kukhutu, zinabwerera, zinakwera kukafika pamilomo imene inkayenda popanda liwu.

"Wakuchita ndani?" ananong'ona.

Mzime analowa n'kugwada pambali pa bedi. Anafotokoza za khansa, za opaleshoni, za maikolofoni. Ananenanso za makina amene afa, ndi za fulashi imene iye wafufuta m'mawa womwewo. Sanadziwe ngati amayi ake akumva zonsezo, koma anazinena, achimwene ake ali pomwepo.

Dzanja la amayi linali likadali pakhosi pa mwana wawo.

"Ndiye masiku onsewa ndimacheza ndi ndani?"

"Ndi iwo, amayi. Amasankha ndi iwo zoti anene."

"Ndimaimba ndi wailesi." Anachotsa dzanja. "Mwana wanga akudulidwa khosi, ine ndili pano ndikuimba ndi wailesi. Nonsenu mukuonerera. Munandisandutsa chitsiru m'nyumba ya mwana wanga."

"Timaopa mtima wanu, amayi," anatero alamu ali pakhomo.

"Mtima wanga ndi wanu?"

Anagona n'kutembenukira kukhoma. Tsiku limenelo mankhwala sanamwe, ndipo mawa lake shuga anakwera mpaka anakomoka. Anakhala m'chipatala masabata angapo, n'kubwerako mwendo umodzi usakugwiranso ntchito.

Mzime anatumiza disiki ija kwa akatswiri amene amatsegula zoterezi m'chipinda chopanda fumbi. Anamuimbira foni n'kumuuza kuti kambale kanakandika mpaka kuyera, ndipo zimene ankafunazo zinasanduka fumbi lenileni limene analipeza mkatimo. Fulashi nayo anaifufuza ndi pulogalamu iliyonse imene ankaidziwa, ngakhale ankadziwa yankho lake. Analembera achimwene ake uthenga wowauza zonsezi. Uthengawo unaonetsa kuti wawerengedwa. Yankho silinabwere.

Aphunzitsi sanamukalipire, ngakhale kamodzi. Akafika ankamutsegulira chitseko, kumugwedezera mutu, n'kubwerera kuchipinda. Iye akanakonda akanamutukwana. Alamu ake nawo anasiya kumuyang'ana m'maso, ndipo awiriwo akakumana m'khitchini ankangokamba za sopo ndi nyengo.

Anayesa kuti foni iziwerenga mokweza zimene Aphunzitsi alemba, koma inkatchula mawu mopotoka ngati mlendo, ndipo amayi anaigenda ndi kapu. Alamu akawerenga, gogoyo ankati akuwonjezera zawo. Choncho Mzime anayamba kudzera kumeneko tsiku lililonse akaweruka. Ankakhala mbali ina ya bedi, achimwene ake mbali inayo atagwira dzanja la amayi. Iwo ankalemba ndi chala chimodzi n'kumupatsira foni pamwamba pa bulangete, iye n'kuwerenga.

Masiku ena amayi ankakumbukira zonse n'kukana kulankhula. Masiku ena ankaiwala, n'kufunsanso chifukwa chake Chisamba sakuyankha, ndipo kansalu kankamasulidwanso.

Madzulo ena mvula ikuwaza pawindo, gogoyo anafunsa ngati mwana wawo wadya. Aphunzitsi analemba n'kupereka foni.

"Ndadya, amayi, koma inu simunamalize zanu," anawerenga Mzime.

"Iwe Mzime khala chete. Ndikufunsa mchimwene wako."

"Akuyankha ndi iwo, amayi. Ine ndikungowerenga."

Amayi anatafuna m'kamwa mopanda kanthu, akuganiza.

"Ndiye uziwerenga bwino. Iye salankhula mothamanga choncho."

Mzime anayang'ana achimwene ake. Iwo ankayang'ana pawindo. Anakweza foniyo n'kuyambiranso, pang'onopang'ono.